Matenda oiwala akugwira kwambiri amayi, odwazika nawonso ndi amayi

TSANGANO — M'mwezi wa Juni, pamene chisanu chimaluma m'mapiri a boma lino, anthu olawirira kumunda nthawi zina amapeza agogo aakazi ataima panjira, nsalu ili m'manja, osadziwa kumene achokera. Akafunsidwa amatchula mudzi umene anabadwira, kapena amati akuthamangira kukaphikira amuna awo, chonsecho amunawo anaikidwa m'manda kalekale. Zotere zimaoneka ku Ntengo-wa-Mbalame, zimaonekanso ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo m'boma la Macanga.

Chimene chimatsatira chimasiyana mudzi ndi mudzi. Kwina munthu amawagwira dzanja, kuwafunditsa nsalu ija ndi kuwaperekeza kwawo. Kwina mbiri imafika pamsika dzuwa lisanakwere, yakuti mfiti yagwa m'lichero usiku ndipo kwaichera. Zikatero moyo wa agogowo umakhala pachiswe.

A zaumoyo ali nalo dzina vutoli. Pa Chipwitikizi amati demência, pa Chichewa ambiri amangoti matenda oiwala. Ndi matenda a ubongo, ndipo padziko lonse akugwira amayi ambiri kuposa abambo. Amene amasiya ntchito zawo kuti adwazike nawonso ambiri ndi amayi.

Si ukalamba wamba

Kuiwala pamene waika mpeni kapena dzina la mlendo ndi za aliyense. Matenda oiwala ndi ena. Amabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Mayi amene waphika moyo wake wonse amathira mchere m'ndiwo kawiri kapena katatu, mwinanso kusiya mphika pamoto mpaka kupserera. Amafunsa funso limodzi kakhumi. Amabisa ndalama kudenga, kuiwala, n'kuyamba kunena mpongozi wake kuti waba. Matenda akakula amalephera kuvala, kusamba, ngakhale kuzindikira ana obereka yekha.

Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene kuno limadziwika ndi zilembo za OMS, likuti mwa odwala 100 aliwonse, 60 mpaka 70 ali ndi mtundu umenewu. Mu ubongo wa wodwala mumaunjikana zinthu ziwiri zotchedwa amyloid ndi tau, zimene zimapha timitsempha ta nzeru. Mbali imene imayamba kuonongeka ndi yosunga zinthu zatsopano. N'chifukwa chake wodwala amaiwala kuti wadya kale, koma amakumbukira bwinobwino za ku utsikana wake.

Kwa anthu a m'malire muno, zakale zimenezo zili ndi nkhondo mkati. Nkhondo isanathe ndi mgwirizano wa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a dziko lino oposa 1 miliyoni anali atathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anakhala zaka m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Agogo amene amamanga katundu madzulo aliwonse, kunena kuti asilikali akubwera, sakulosera zoipa ayi. Ubongo wawo wabwerera ku zaka zimenezo.

Mtundu wachiwiri umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikatsekeka kapena kuphulika. Umenewu umayenda limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, ndi matenda ofa ziwalo amene ambiri amati trombose.

Malinga ndi OMS, mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matenda oiwala, ndipo oposa 60 mwa 100 aliwonse anali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Chaka chilichonse anthu ena pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Bungwe la Alzheimer's Disease International linalengeza mu 2017 kuti kumwera kwa chipululu cha Sahara odwala anali 2.13 miliyoni mu 2015, ndipo adzafika 7.62 miliyoni pofika 2050.

Chifukwa chiyani amayi

Lipoti la OMS la 2021 linasonyeza kuti mwa anthu 100 omwalira ndi matendawa, 65 ndi amayi. Zifukwa zake zilipo zingapo, zina za m'thupi, zina za mmene anthu amakhalira.

Choyamba ndi zaka. Munthu akapitirira zaka 65, mpata wodwala umawirikiza kawiri pa zaka pafupifupi 5 zilizonse, ndipo amayi ndi amene amafika kwambiri ku ukalamba. Kalembera wa 2017 anapeza kuti m'dziko la Mozambique mwana wamkazi akabadwa amayembekezeka kukhala zaka 56.5, pamene wamwamuna ndi zaka 51.

Chachiwiri ndi sukulu. Ubongo umene unazolowera kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera kuyambira ubwana umapirira nthawi yaitali matenda asanaonekere, monga nkhokwe yodzaza imachedwa kuona pansi m'chaka cha njala. Amayi amene lero ali ndi zaka 70 anakula pa nthawi ya Apwitikizi, pamene sukulu za kumudzi zinali za mishoni monga ya Fonte Boa, ndipo makolo ambiri ankatumizako anyamata okha. Atsikana ankatsala kusinja ndi kulera ana. Kalembera yemweyo wa 2017 anapeza kuti amayi 49 mwa 100 sadziwa kulemba ndi kuwerenga, pamene abambo ndi 27 mwa 100.

Chachitatu ndi thupi lenileni. Mayi akasiya kupita kumwezi, mphamvu ina ya m'thupi yotchedwa estrogen imatsika, ndipo akatswiri akufufuza mmene kutsikako kumakhudzira ubongo. Palinso kachibadwa kena ka m'magazi kotchedwa APOE4, kamene munthu amatengera kwa makolo. Pakati pa azungu, kachibadwaka kaoneka kuti kamaika amayi pangozi yaikulu kuposa abambo amene ali nako.

Chachinayi ndi umasiye. Amayi ambiri amakwatiwa ndi amuna aakulu kuposa iwo, choncho amatsala okha. Ana akapita ku Moatize, ku Tete kapena ku Joni, agogo amatha tsiku lonse osayankhula ndi munthu. Kukhala wekha ndi kukhumudwa kwa nthawi yaitali zili m'gulu la zinthu 14 zimene gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linatchula mu 2024 kuti zimakulitsa mpata wodwala. Zina mwa izo ndi kusaphunzira, kugontha, kusaona bwino, kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kuvulala m'mutu ndi mpweya wa utsi. Gululo linati zinthu zimenezi zitathetsedwa, odwala pafupifupi 45 mwa 100 akanapewa matendawa kapena kuchedwa kudwala.

Chakudya nachonso chili ndi mbali yake, ndipo anthu a kuno anaziona ndi maso. Munthu wodya nsima yokha popanda mtedza, nyemba kapena nsomba amagwidwa ndi pelagra, matenda amene amawaula khungu la m'khosi ndi m'manja, kutsegula m'mimba, ndipo akakula amasokoneza mutu. Kuyambira Febuluwale mpaka Okutobala 1990, mtedza utasiya kugawidwa, othawa nkhondo oposa 18,000 ku Malawi anadwala pelagra. Amayi anagwidwa pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa abambo. Kusokonezeka mutu kwa mtundu umenewu kumachizika munthu akalandira mavitamini ndi chakudya chakasinthasintha.

Abambo nawo sali kutali

Matendawa sasiya abambo. Njira imene amawafikira ndiyo imasiyana. Kachasu wa tsiku ndi tsiku amaononga ubongo. Fodya, amene alimi a ku Macanga amadalira pa ndalama, akamasutidwa amaononga mitsempha ya magazi. Kugwa panjinga yamoto popanda chipewa choteteza mutu kumasiya bala mkati limene limadzaoneka patapita zaka. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2014 ndi 2015 anapeza kuti pafupifupi anthu 4 mwa 10 a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Amayi amayezedwa magazi kusikelo akakhala oyembekezera. Bambo akhoza kufika zaka 60 asanayezetsepo.

Kusiyana kwina kuli pa mmene mudzi umalandirira wodwala. Bambo akayamba kusokonezeka, anthu amati ndi mowa, kapena amati wakalamba, ndipo mkazi wake amamubisira manyazi, kumusambitsa ndi kumudyetsa. Mayi akayamba kusokonezeka, kawirikawiri mwamuna wake anapita kale, ndipo mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwa anthu ndi akuti ufiti wamubwerera.

Ofufuza anachedwa kufunsa za amayi

Wodwala woyamba kulembedwa m'mabuku ndi matendawa anali mayi. Dzina lake linali Auguste Deter, ndipo anagonekedwa m'chipatala cha mumzinda wa Frankfurt ku Germany mu 1901 ali ndi zaka 51. Atamwalira mu 1906, dokotala Alois Alzheimer anayeza ubongo wake ndi kufotokozera anzake zimene anapeza.

Ngakhale zinayamba choncho, kwa zaka zambiri ofufuza za mankhwala ankayesa zinthu zawo makamaka pa amuna, ndi pa mbewa zazimuna. Ku America, mu 1977 boma linalangiza kuti amayi a msinkhu wobereka asalowe nawo m'magawo oyamba oyesa mankhwala. Mu 1993 ndi pamene kunabwera lamulo lakuti kafukufuku wolipiridwa ndi boma aziphatikiza amayi, ndipo mu 2016 anawonjezera kuti ngakhale poyesa pa nyama aziganizira zazimuna ndi zazikazi zomwe.

Kufunika kwake kunaoneka posachedwa. Mu 2023 dziko la America linavomereza mankhwala otchedwa lecanemab, amene amachedwetsa pang'ono matenda a Alzheimer akangoyamba kumene. Anayesedwa pa anthu pafupifupi 1,800. Zotsatira zitagawidwa pakati pa amuna ndi akazi, zinaoneka ngati abambo apindula kuposa amayi. Akatswiri akukanganabe, popeza kafukufukuyo sanakonzedwe kuti ayankhe funso limenelo. Mankhwalawo ndi odula kwambiri, amaperekedwa m'mitsempha, ndipo amafuna makina ojambula ubongo kawirikawiri. Sachiza matendawa.

Anthu a mu Africa nawonso anatsalira m'mabuku amenewa. Kafukufuku amene anayamba mu 1992, woyerekeza okalamba a mtundu wa Ayoruba ku Ibadan m'dziko la Nigeria ndi anthu akuda a mumzinda wa Indianapolis ku America, anapeza kuti odwala atsopano pachaka anali ochepa ku Ibadan, ndiponso kuti kachibadwa ka APOE4 kaja kanalibe mphamvu yofanana ndi ya kwa azungu. Zimene zapezeka kutsidya kwa nyanja sizingangotengedwa n'kuikidwa pa agogo a ku Macanga.

Kufupi ndi kuno, m'boma la Hai ku Tanzania, ofufuza anayendera okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2013 zinasonyeza kuti pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi matenda oiwala, ndipo amayi anali ambiri. Kumeneko kunaonekanso vuto lina. Mafunso oyezera nzeru ochokera ku Ulaya amafuna munthu alembe chiganizo kapena achotsere manambala, ndiye mayi wanzeru zake amene sanagwirepo pensulo amalephera ngati wodwala. Anakonza mafunso ena otchedwa IDEA: kutchula mayina a nyama, kutchula mtsogoleri wa mudzi, kunena tsiku la sabata, ndi kuyala timitengo ta machesi motsanzira mmene woyeza wayalira. Mafunso otere agogo a ku Tsangano akhoza kuwayankha popanda kuchita manyazi.

Mtolo umagwera yani

OMS ikuti mwa maola 100 aliwonse odwazika matenda oiwala padziko lonse, 70 amagwira ndi amayi. M'midzi ya m'malire muno mwambo umachita kuloza amene asenze mtolowo. Kumene kuli chikamwini, monga m'midzi yambiri ya Achewa ku Macanga, ndi mwana wamkazi amene anatsala pamudzi. Kumene kuli chitengwa, monga m'mabanja ambiri a Angoni, ndi mtengwa amene anabwera kudzakwatiwa. Mwana wamwamuna amatumiza sopo ndi ndalama pafoni, koma kusambitsa mayi ake mwambo sumulola.

Ntchitoyi ilibe Sabata. Wodwala amadzuka pakati pa usiku kufuna kutuluka. Amakana kusamba, amatukwana amene akumuthandiza, amadziipitsira. Wodwazika sangapite kukapalira kachewere ku dimba lakutali, sangapite ku ganyu, sangakagulitse pamsika wa Biriwiri. Zokolola zimachepa m'nyumba momwe mukufunika ndalama zambiri. Mayi wotere amaonda, sagona, ndipo nayenso amayamba kuthamanga magazi.

Mayi akatopa, banja limayang'ana mdzukulu. Kawirikawiri amene amauzidwa kuti ajombe kusukulu akhale ndi agogo ndi mtsikana. Kujomba kwa sabata kumasanduka kwa chaka, kenaka ukwati. Potero banja limachotsa kwa mtsikanayo chitetezo chomwe agogo ake anamanidwa, ndipo zaka 60 zikubwerazo iyenso adzakhala pangozi yomweyo.

Apa ndi pamene eni mbumba ali ndi mawu. Atsibweni akaitanitsa abale n'kugawa masiku, kuti uyu agone ndi agogo Lolemba, uyu atunge madzi, anyamata atole nkhuni ndi kulima munda wa wodwazika, mtolo umapepuka ndipo mwana satuluka m'kalasi. Magulu a amayi a m'mipingo, amene amayendera kale odwala, akhoza kumupatsa wodwazika tsiku limodzi lopuma.

Mlandu wa ufiti

Zizindikiro za matenda oiwala zikufanana kwambiri ndi zimene anthu amati ndi za mfiti: kuyenda usiku, kuvula, kupezeka kumanda, kuyankhula ndi anthu amene anamwalira. Choopsa china n'chakuti wodwala akazunguliridwa ndi gulu lokuwa amavomera chilichonse. Akafunsidwa ngati ndiye anadya mwana wa uje, amati inde, chifukwa sakumva funsolo ndipo akufuna phokoso lithe. Kuvomera kotere si umboni.

Kumene mawu otere amathera kukudziwika. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno ku Malawi, okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi gulu la anthu mphezi itapha mtsikana wa zaka 17. Chimene chinayambitsa kumeneko chinali mphezi osati matenda oiwala, koma nkhaniyo ikusonyeza msanga umene mphekesera imasandukira maliro, wonenedwayo akakhala wokalamba.

M'dziko lino muli lamulo nambala 3/2014 la pa 5 Febuluwale 2014, loteteza ufulu wa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo. Lamulolo limaletsa kuzunza okalamba, kuwataya ndi kuwasala. Kumenya agogo, kuwaotchera nyumba kapena kuwalanda munda ndi mlandu wa kupolisi, ngakhale wochita zimenezo akhale mwana wawo. Mafumu ndi anyakwawa, amene nkhani zotere zimayamba kufika pabwalo lawo, ali ndi mphamvu yonena kuti agogo ayambe apita kuchipatala mlandu usanakambidwe. Asing'anga a m'bungwe la AMETRAMO nawonso ali ndi mbali, popeza mabanja ambiri amayamba kugogoda kwa iwo.

Chimene chipatala chingachite

Mankhwala ochiza matenda a Alzheimer kulibe, kuno ngakhale ku Ulaya. Koma ulendo wa kuchipatala si wachabe, chifukwa matenda ena amene amasokoneza mutu amachizika. Munthu amene dzulo anali bwino lero n'kusokonezeka mwadzidzidzi akhoza kukhala ndi malungo, matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, shuga kapena trombose, ndipo afunika kuthamangira naye tsiku lomwelo. Chindoko chokhalitsa, kuchepa kwa mavitamini ndi kukhumudwa nazonso zimaiwalitsa munthu.

Kachilombo ka HIV kosalandira mankhwala kamalowa mu ubongo. Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti amayi 15 mwa 100 a zaka 15 kupita m'tsogolo ali nako, pamene abambo ndi pakati pa 9 ndi 10 mwa 100. Wokalamba naye ayenera kuyezedwa, pakuti akayamba kumwa ma ARV nzeru zimatha kubwererako.

Kuyambira 1996 Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuphunzitsa matekiniko a matenda a m'mutu kuti azigwira ntchito m'maboma, popeza madokotala a ntchitoyi ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Banja likhoza kuyamba ndi APE wa m'mudzi kapena chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo a kumeneko ndi amene amalemba kalata yopita ku Ulónguè kapena ku chipatala chachikulu cha ku Tete ngati pakufunika. Popita ndi bwino kuti aperekeze ndi munthu amene amakhala ndi wodwalayo tsiku ndi tsiku, chifukwa ndiye angafotokoze pamene zinayambira. Okalamba osauka amene sangathenso kulima ali ndi ufulu wolembetsa ku thandizo la ndalama la INAS, kudzera mwa nthumwi za bungweli za m'mudzi.

Zotsala zili pakhomo. Wodwala akanena kuti amuna awo akubwera, kukangana nawo kumangowaliritsa maliro kachiwiri, ndipo ndi bwino kuwatembenuzira ku nkhani ina. Asasiyidwe okha pafupi ndi moto, makamaka m'miyezi yozizira. Mankhwala opopera kachewere ndi fodya asungidwe pamene sangafike, chifukwa akhoza kuwayesa chakumwa. Chitsime chivundikiridwe. Kapepala ka dzina la mudzi ndi la nyakwawa kasokereredwe m'chovala chawo, pakuti m'madera ena kuoloka msewu kapena kamtsinje ndiko kulowa m'dziko lina. Ntchito zopepuka monga kutongola chimanga ndi kusankha nyemba zimawakhazika mtima pansi, ndipo nyimbo za kutchalitchi zimene anaphunzira ali ana amaziimba ngakhale mayina a ana awo atawathawa.

Kwa amene sanadwale, njira yodzitetezera ndi yotsika mtengo: kuyezetsa magazi ngakhale thupi lisakupweteka, kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi osadumphitsa, kuchepetsa mchere ndi mowa, kusiya fodya, kukaonetsa maso ndi makutu akayamba kufooka, ndi kusunga atsikana pasukulu.

Pa 21 Seputembala chaka chilichonse maiko amakumbukira matenda a Alzheimer, mwambo umene unayamba mu 1994. M'midzi ya Tsangano ndi Macanga tsikulo limapeza anthu ali kalikiliki kusosa m'minda. Koma nkhani yake imagamulidwa mbandakucha uliwonse pamene agogo apezeka ataima panjira, ndipo woyamba kuwaona asankha kuwagwira dzanja kapena kuitana gulu. Akale anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.